Update yatseka khomo la WordPress: yankho kwa mayi amene akufuna kufufuta zonse

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amayang'anira webusaiti ya bungwe laling'ono. Webusaitiyo inapangidwa pa WordPress, pulogalamu yopangira mawebusaiti, zaka zingapo zapitazo ndi mnyamata amene anasiya ntchito kalekale, ndipo kuyambira pamenepo mayiwa akhala akungoikapo nkhani ndi zithunzi. Tsiku lina anaona kuti pali ma update (mapulogalamu okonzedwanso oti alowe m'malo mwa akale) ambiri amene akudikira, anawasankha onse pamodzi n'kudina. Kuchokera tsikulo, anthu akunja akuiona webusaitiyo bwinobwino, koma iwo akalemba dzina ndi mawu achinsinsi amangolandira tsamba loyera lokhala ndi mawu akuti "There has been a critical error on this website." Asintha mawu achinsinsi kawiri konse osaphula kanthu, ndipo wina wawalangiza kuti afufute zonse aike WordPress yatsopano. Funso lawo ndi lakuti achite zimenezo kapena pali njira ina.

Mayi, musafufute kanthu, ndipo lekani kusintha mawu achinsinsi chifukwa vuto silili pamenepo. Mawu achinsinsi akakhala olakwika, WordPress imakubwezerani pa tsamba lolowera n'kukuuzani kuti ndi olakwika. Inu mukudutsa pakhomopo, ndipo chimene chikugwa ndi tsamba loyamba la m'kati. Uthenga umene mukuonawo umatanthauza kuti PHP, chinenero chimene WordPress inalembedwamo, yakumana ndi lamulo limene singathe kulitsata ndipo yaima pomwepo. Kawirikawiri lamulolo limakhala mu fayilo imodzi ya plugin imodzi (kapulogalamu kowonjezera ntchito pa WordPress), pa mzere umodzi. Nkhani zanu zonse zili mu database, nkhokwe ya zolembedwa za webusaiti, zithunzi zili mu foda ya wp-content/uploads, ndipo update sinazikhudze. Chifukwa chimene anthu akunja sakuona vuto ndi chakuti ma plugin ambiri ali ndi mbali imene imagwira ntchito pokhapokha munthu akalowa m'kati, komanso mwina alendowo akupatsidwa masamba amene anasungidwa kale mu cache update isanachitike. Ngati chifukwa chake ndi chachiwirichi, masambawo adzatha nthawi yake ndipo vuto lidzaonekera kwa aliyense, choncho musazengereze.

Chimene mukufunika tsopano ndi khomo lina, la ku kampani imene imasunga webusaiti yanu pa seva yake, kompyuta imene webusaiti imakhalapo. Makampani ambiri amapereka cPanel, tsamba loyang'anira mafayilo ndi database za webusaiti, ndipo dzina ndi mawu achinsinsi ake ndi osiyana ndi a WordPress. Ngati mulibe, amene amalipira kampaniyo chaka ndi chaka ndiye angathe kuwapempha. Mukalowa, musanakhudze chilichonse, tsegulani File Manager, sankhani foda imene muli webusaiti, imene nthawi zambiri imatchedwa public_html, ndipo muipanikize kukhala fayilo ya zip. Kenako tsegulani phpMyAdmin, chida chotsegulira database chimene chili mu cPanel momwemo, sankhani database yanu, dinani Export, n'kusunga fayiloyo pa kompyuta yanu. Ndikudziwa kuti zikumveka zachilendo kusunga backup, ndiko kuti kope lapadera, ya chinthu chowonongeka, koma chowonongeka pang'ono chimene muli nacho lero ndi chamtengo kuposa chimene mungatsale nacho dzanja likaterereka pa Delete.

Kuyambira pa WordPress 5.2, imene inatuluka mu 2019, pulogalamuyi imatumiza yokha imelo vuto lotere likachitika. Imeloyo imatchula plugin kapena theme (chimene chimapatsa webusaiti maonekedwe ake) imene yalakwa, ndipo imakhala ndi link yolowera mu recovery mode, momwe WordPress imaimitsa kaye chinthu cholakwacho kuti inu mulowe ndi kuchizimitsa. Inu simunatchule imelo yotereyi, ndipo ndikuganiza kuti ndikudziwa chifukwa chake. Imelo yosinthira mawu achinsinsi imapita ku adiresi ya akaunti yanu, n'chifukwa chake munailandira, pamene imelo ya recovery mode imapita ku adiresi ya mwini webusaiti imene inalembedwa pa Settings tsiku limene webusaiti inkapangidwa. Mosakayikira adiresiyo ndi ya mnyamata uja. Mukhoza kutsimikiza mu phpMyAdmin potsegula tebulo la wp_options n'kuyang'ana mzere wa admin_email, podziwa kuti dzina la tebulolo likhoza kuyamba ndi zilembo zina m'malo mwa wp_. Ngati mukulankhulana naye, mupempheni ayang'ane ngakhale mu spam, koma link imeneyo imatha mphamvu pakatha tsiku limodzi, ndipo ine sindingaidikire pamene pali njira yoti muone nokha chimene chalakwika.

Njirayo ndi kuuza WordPress kuti ilembe zolakwika zake mu fayilo. Mu File Manager pezani wp-config.php, ikopereni pambali kaye, ndiye muitsegule ndi Edit. Chakumunsi muona mzere wakuti define( 'WP_DEBUG', false ); Ndipo pamenepo sinthani false akhale true. Pansi pake wonjezerani define( 'WP_DEBUG_LOG', true ); ndiponso define( 'WP_DEBUG_DISPLAY', false ); uliwonse pa mzere wakewake, osaiwala chizindikiro cha ; kumapeto, pamwamba pa mzere umene umati "That's all, stop editing!" Mzere wa WP_DEBUG_DISPLAY ntchito yake ndi kubisa zolakwikazo kwa alendo kuti zipite mu fayilo mokha. Lembani mizereyi ndi manja momwemo mu File Manager, osati kuikopera kuchokera mu Word kapena WhatsApp, chifukwa mapulogalamu ena amasintha timizere togwira mawu kukhala topindika, ndipo kamzere kamodzi kopindika mu wp-config.php kamagwetsa webusaiti yonse, mbali ya alendo yomwe. Mukasunga, yesaninso kulowa kuti vuto lichitikenso, kenako tsegulani fayilo ya debug.log imene yabadwa mu foda ya wp-content.

Fayiloyi ikhoza kukhala ndi mizere yambirimbiri yoyamba ndi Notice, Warning kapena Deprecated. Imeneyo ilumpheni, sindiyo yakutsekerani kunja. Pitani kumunsi mufune mzere umene uli ndi mawu akuti PHP Fatal error, ndipo muwerenge mpaka kumapeto kwake, chifukwa kumapetoko ndi kumene kumalembedwa njira yonse ya fayilo yolakwa pamodzi ndi nambala ya mzere. Dzina limene likubwera pambuyo pa wp-content/plugins/ ndilo dzina la foda ya plugin imene mukuifuna. Bwererani mu File Manager, lowani mu wp-content/plugins, ndipo fodayo muisinthe dzina powonjezera chilichonse kumapeto, mwachitsanzo -zimitsa. WordPress ikalephera kupeza plugin pamalo pamene inailemba, imangoisiya osaiyendetsa, ndipo nthawi zambiri apa ndi pamene khomo limatseguka. Zimene plugin imeneyo inasunga zili mu database ndipo kusintha dzina la foda sikuzifufuta.

Ndisanaone fayilo yanu sindingaloze chala, koma mmene mwafotokozera mbiri ya webusaitiyi pali chinthu chimodzi chimene ndikuchikayikira kwambiri. Ma plugin ambiri otchuka amabwera awiriawiri, ina yaulere imene imachokera ku wordpress.org ndi ina yolipira imene imawonjezera pa yaulereyo. Yaulere imalandira update nthawi zonse, pamene yolipira imalandira pokhapokha laisensi yake ikakhala yamoyo, ndipo laisensiyo kawirikawiri imakhala m'dzina la amene anapanga webusaiti. Iye akachoka laisensi imatha mwakachetechete. Ndiye tsiku limene mwadina update yonse pamodzi, yaulere imalumpha zaka zitatu kapena zinayi, yolipira n'kutsala pomwe inali, ikuitanabe zinthu zimene mu yaulereyo zinachotsedwa kapena zinasinthidwa dzina. Mu debug.log zimenezi zimaoneka ngati "Call to undefined function" kapena "Class not found", ndipo dzina la foda limakhala ndi mawu ngati pro kapena premium. Zikakhala choncho, kuzimitsa yolipirayo kukulowetsani, koma mankhwala enieni ndi kugula laisensi m'dzina la bungwe kapena kuvomereza kukhala opanda zimene inkachita. Chimene sindikulangizani m'pang'ono pomwe ndi kutenga plugin yolipira pa mawebusaiti amene amazigawa ulere, chifukwa mafayilo otere nthawi zambiri amabwera atabisidwamo khomo la akuba.

Chokayikitsa chachiwiri ndi PHP yeniyeniyo. Makampani osunga mawebusaiti amakweza PHP nthawi ndi nthawi, ndipo PHP 8.0, imene inatuluka mu November 2020, inachotseratu zinthu zakale monga create_function ndi each zimene ma plugin ndi ma theme akale ankadalira. Mukaona limodzi la mayina awiriwa mu mzere wa Fatal error, dziwani kuti fayiloyo inalembedwera PHP yakale. Mu cPanel muli malo otchedwa MultiPHP Manager kapena Select PHP Version, ndipo ngati kampani yanu ikulolabe, mukhoza kubwerera pa 7.4 kwa kanthawi kuti mulowe ndi kukonza. Ndikunena kuti kwa kanthawi chifukwa PHP 7.4 inasiya kulandira zigamba za chitetezo mu November 2022. Zimachitikanso mosemphana, kuti plugin yatsopano yalembedwera PHP yatsopano pamene seva yanu ikadali pa yakale, ndipo apo uthenga umakonda kunena za syntax error mu fayilo imene palibe munthu anaigwira. Pamenepo PHP ndi yofunika kuikweza.

Ngati debug.log sinabadwe, kapena simukutha kuiwerenga, pali njira yachidule imene ndi yankhanza pang'ono. Sinthani dzina la foda yonse ya plugins, lowani, tsegulani tsamba la Plugins, kenako bwezerani dzina la fodayo. Mukatsegula tsambalo foda isanabwezeredwe, WordPress imalemba ma plugin onse kuti ndi ozimitsidwa, ndipo mudzayenera kuwayatsa imodziimodzi mpaka mutapeza imene ikugwetsa tsamba. Kuipa kwake n'kwakuti pa nthawi imeneyo mafomu, sitolo ngati ilipo, ndi maonekedwe ena a webusaiti zimasowa kwa alendo, ndiponso muyenera kukumbukira ma plugin amene anali oyaka poyamba chifukwa ena anazimitsidwa dala. Dziwaninso kuti ngati munali ndi plugin yobisa adiresi yolowera, ikazima adiresi imabwerera ku wp-login.php. Ndipo ngati munali ndi plugin ya cache, imasiya mafayilo ake kunja kwa foda ya plugins, monga advanced-cache.php ndi object-cache.php mu wp-content, amene amayendabe ngakhale plugin itazima, choncho nawonso asintheni dzina vuto likapitirira. Mzere wa Fatal error ukaloza ku wp-content/themes, chitani chimodzimodzi ndi foda ya theme yanu, mutatsimikiza kaye kuti muli theme ina ya WordPress yomwe monga Twenty Twenty-Four yoti igwirire.

Pali nthawi imodzi yokha imene malangizo amene munapatsidwa amayandikira choonadi. Update ikadukira panjira, mwina chifukwa malo pa seva anadzaza kapena seva inaidula isanamalize, mafayilo ena a WordPress amakhala atsopano ena akale, ndipo Fatal error imaloza ku wp-includes kapena wp-admin, nthawi zambiri ikudandaula kuti fayilo ina sikupezeka. Apo tengani WordPress ku wordpress.org, ya nambala yofanana ndi imene yalembedwa mu wp-includes/version.php kapena yatsopano, ndipo muike mafoda a wp-admin ndi wp-includes atsopano m'malo mwa akalewo, pamodzi ndi mafayilo a pamwamba monga wp-login.php ndi wp-settings.php. Foda ya wp-content, fayilo ya wp-config.php ndi database musazikhudze. Musanatero yang'anani mu cPanel ngati malo alipo, apo ayi mudzadukiranso pomwepo. Mukalowa WordPress ikapempha kukonza database, vomerani, popeza backup muli nayo kale.

Ena amene akuwerenga yankho ili ali ndi vuto lofanana koma zizindikiro zina, choncho nditchule mwachidule. Tsamba lolowera likamangobwereza lokha popanda uthenga uliwonse, kapena browser ikamati ERR_TOO_MANY_REDIRECTS, yambani ndi kufufuta ma cookie a webusaitiyo, kenako yang'anani mizere ya siteurl ndi home mu wp_options ngati ikugwirizana pa https ndi pa www. Uthenga wakuti "Briefly unavailable for scheduled maintenance" umachokera ku fayilo yobisika ya .maintenance imene imatsala update ikadukira, ndipo kuichotsa n'kokwanira.

Inu mayi, mukangolowa, bwezerani WP_DEBUG pa false ndipo mufufute debug.log, chifukwa pa maseva ambiri aliyense wodziwa adiresi yake akhoza kuiwerenga. Pitani pa Settings, General, muike imelo ya bungwe pa Administration Email Address, ndipo mutsimikize kusinthako pa imelo imene idzabwere ku adiresi yatsopanoyo, kupanda apo yakale ikhalabe. Pa Users yang'anani ngati akaunti ya mnyamata uja ikadali ndi mphamvu za Administrator. Ulendo wina ma update akaunjikana, sungani backup, ndipo muwapange imodziimodzi mukutsegula tsamba la m'kati pakati pake, kuti chikagwa mudziwe pomwepo chimene chagwetsa. Mukafika pa debug.log n'kusokonezeka, nditumizireni mzere wa Fatal error wokhawo ndipo tidzauwerengera limodzi. Fayilo ya wp-config.php musanditumizire ine kapena wina aliyense pa imelo, chifukwa muli mawu achinsinsi a database yanu.