Ku Senga Bay kapena ku Nkhotakota? Yankho kwa achemwali ofuna kukajambulira panja

Achemwali, mwati mwatopa n'kukopera zithunzi za mufoni muli m'nyumba ku Lilongwe, ndipo mwapeza sabata imodzi yoti mukajambule malo ndi maluwa mukuziona ndi maso. Mukufunsa kuti kwabwino n'kuti pakati pa Senga Bay ndi Nkhotakota, nanga mwezi uti. Ine ndimadyera ntchito yomweyi konkuno ku Salima, ndiye ndikuuzani mmene ndimazionera.

Yambani ndi Senga Bay. Mukafika pa boma la Salima kwatsala makilomita pafupifupi 20, ndipo malo ogona otchipa alipo. Koma musakathere sabata yonse mutapenya kunyanja. Gombe lathuli linayang'ana kum'mawa: dzuwa limatulukira m'madzi n'kukalowera kumtunda. Zithunzi zadzaza m'misika zija, za dzuwa lofiira likumira m'nyanja, bwato lakuda lili pakati, n'za ku Cape Maclear, ndipo ozijambula achuluka kale. Kuno m'mawa kuwala kumakubayani m'maso, chilumba cha Namalenje chimangooneka bii. Nthawi imeneyo ndi ya pensulo ndi kabuku: asodzi akukocheza ndi usipa, amayi akuyanika pa thandala. Penti mutulutse cha m'ma 3 koloko masana dzuwa lili kumsana. Apo m'pamene miyala ya Namalenje imaonetsa kuyera kwa zitosi za mbalame, madzi obiriwira a m'mphepete n'kusiyana ndi a buluu a pakati.

Masiku ena m'mawa wonse upatseni dambo. Kwerani kabaza mulowere ku Mpatsanjoka kapena ku minda ya mpunga ya ku Lifuwu. Kumeneko kuli kakombo, ndipo duwa limeneli ndi limene lidzakuphunzitseni zomwe foni imabisa. Limatsegula dzuwa likakwerako pang'ono, pofika masana lafunganso, ndiye muli ndi maola ochepa. Mukaliyang'anitsitsa muona kuti si loyera ayi: kunsonga ndi kwa buluu wopita ku pepo, pakati chikasu, ndipo tsamba likapindika ndi mphepo limaonetsa kunsi kofiirira. Madzi a pansi pake ndi akuda ngati tiyi wopanda mkaka, osati buluu amene dzanja limathamangira kupaka. Namasupuni anthu amadana naye chifukwa amatseka madzi, koma duwa lake n'lokongola, musamunyoze. Jambulirani pamtunda, osalowa m'madzi: m'bango muli likodzo, ndipo ng'ona sizisowa.

Za mwezi, ine ndimasankha Epulo ndi Meyi. Mvula yatsuka mlengalenga, mapiri a kutsidya amaoneka bwinobwino, madambo akadali ndi madzi, mpunga ukuyamba kucha, deliya wachita chikasu m'mbali mwa misewu. Juni mpaka Ogasiti kumaomba mwera. Mafunde ake ndi abwino pachithunzi, koma amagwetsa choimikira chinsalu n'kuthira mchenga mu penti yaiwisi. Okutobala ndisakunamizeni, n'kotentha koopsa ndipo utsi wa moto wolusa umaphimba mapiri. Chimene chingakubweretseni nthawi imeneyo ndi mlambe basi: umatulutsa maluwa oyera mvula ili pafupi, amatsegula usiku, tsiku lotsatira mumawatola pansi atayamba kufiira.

Ku Nkhotakota sungirani masiku awiri omaliza, kapena ulendo wina. Pa msewu wa M5 muime pa Chia, pomwe dziwe lalikulu lija limalumikizana ndi nyanja. Pa boma pali mtengo waukulu womwe David Livingstone anakumanirana ndi Jumbe mu 1863, ndipo alendo amakonda chithunzi cha malo oti afikapo. Nkhalango ya Nkhotakota, yomwe a African Parks akhala akuyendetsa kuyambira 2015, imakoma cha mu Seputembala mitengo ya mombo ikamaphukira masamba ofiira m'mbali mwa Bua. Koma mumalipira pageti ndipo simungangokhala pansi paliponse, poti mu 2016 ndi 2017 anabweretsamo njovu pafupifupi 500. Muli akashembenso, amene amakopeka ndi zovala za buluu ndi zakuda.

Katundu achepe. Chinsalu chachikulu chisiyeni kunyumba. Pitani kwa kalipentala akudulireni timatabwa ta pulaiwudi tokula ngati tsamba la kope, mutipake penti yoyera ya PVA kawiri, mutengeko khumi kapena kuposera. Kamodzi kazitha mu ola limodzi ndi theka, chifukwa mukapitirira mithunzi yasuntha ndipo mumayamba kujambula zinthu ziwiri pa thabwa limodzi. Penti ya akiriliki kuno imauma musanamalize kusakaniza. Ikani nsalu yonyowa m'kontena ya pulasitiki ya chivindikiro, pamwamba pake pepala, penti mufinyire pamenepo, ndipo mukhale ndi kabotolo kopoperako madzi. Khalani pamthunzi, thabwa nalonso likhale pamthunzi. Mukajambulira padzuwa, pofika m'nyumba mupeza chithunzi chonse chada.

Ulemu musauiwale. Mukafika pagombe perekani moni kwa a komiti ya pagombe, kumudzi muonekere kwa a mfumu. Pali malo omwe amayi amasambira ndi kuchapira, pamenepo osatulutsa kabuku kapena foni. Ku Senga Bay kulinso kampu ya asilikali, ndiye mufunse malire ake musanakhale pansi. Ana adzakuzingani, zimenezo n'zosapeweka. Ine ndimapatsa wamkulu wawo ntchito yogwira botolo la madzi, iyeyo ndiye amaletsa anzake kukhudza penti.

Pa malonda, tizithunzi tating'ono ta pa timatabwa tija ndi timene timayenda, chifukwa mlendo amatha kukalowetsa m'chikwama. Kumbuyo lembani malo, tsiku ndi dzina lanu. Mukasiya zithunzi pa loji kuti azikugulitsirani, mulemberane: zithunzi zingati, mtengo wa chilichonse, gawo lawo ndi lingati, ndalama muzilandira liti. Tomwe takusangalatsani kwambiri musagulitse msanga, timeneto ndi tomwe mudzakuzire pa chinsalu chachikulu mukabwerera ku Lilongwe. Mukatsimikiza tsiku mundiuze, ndikulozerani njira ya ku Mpatsanjoka, chifukwa mu Epulo njira zina zimakhala zikadali matope.