Funsani Atelala: Sikafu yopanda nsonga ya nsalu ya fleece

Funso: Ndikufuna kusokera apongozi anga mphatso chisanu cha Juni chisanafike. Amakhala kumtunda chakufupi ndi Ku Chawe, ndipo amalawirira kudimba kukadali nkhungu. Ndinaona sikafu yozungulira ngati nkhata, yongolowetsa m'mutu osamanga. Makina ndili nawo, opondera, koma ndinazolowera chitenje. Ndiyambire pati? (Wowerenga wa ku Chinamwali)

Yankho: Mayi, kwa munthu wakudimba mwasankha bwino, chifukwa ilibe nsonga zolendewera m'madzi akawerama pothirira. Fleece ndi nsalu yofewa, yofunda, yaubweya wa poliyesitala. Ya pa mita imabwera yotambalala mainchesi pafupifupi 60, ndiye kuti masentimita 150, kotero theka la mita likukwanani. Ikasowa m'masitolo, fufuzani mabulangete opepuka pa kaunjika mumsika wa Zomba, koma siyani amene ayamba kale kuchita timibulu. Dulani chidutswa cha mainchesi 60 m'litali ndi 18 m'lifupi. Chimenechi chimazungulira khosi kawiri. Ngati apongoziwo ndi athupi, gulani nsalu yoonjezera, mulumikize kachidutswa kuti mufike pa 68.

Fleece imaoneka chimodzimodzi mbali zonse, ndipo ambiri amasokonezeka pomwepa. Kokani pang'ono mphepete imene imatanuka. Ipindikira kumkati kwa nsaluyo. Lembani choko mbali imeneyo.

Pindani m'litali, choko chili kunja, mutchinge ndi mapini aataliatali poti aafupi amamira mu ubweya. Sokani mphepete yaitaliyo posiya theka la inchi, koma chapakatikati dumphani mainchesi 4 osasoka: limenelo ndi khomo lotembenuzira. Mwapeza chinthu chonga mwendo wa buluku. Lowetsani mkono mpaka kumapeto, gwirani kukamwa kwa uko, mukukokere m'kati mpaka kukumane ndi kukamwa kwa kuno, msoko pa msoko. Sokani kuzungulira. Kenaka tulutsani nsalu yonse pakhomo lija, ndipo litsekeni pamanja, singano ikuluma uku ndi uku m'kati mwa mpindiro kuti ulusi ubisike. Kupinda mphepete ngati mmene mumachitira ndi chitenje n'kutaya nthawi, fleece sisosoka ulusi ikadulidwa.

Nkhani yaikulu ili pa makina anuwo. Opondera akale alibe zigizagi, kasokedwe kokhotakhota kamene kamatanuka limodzi ndi nsalu, pamene msoko wautali uja wagona mbali imene nsalu imatanuka. Mukapanda kusamala, tsiku loyamba kuikoka pamutu mudzamva ulusi ukuthetheka. Talikitsani masitichi, akhale 7 kapena 8 pa inchi, ulusi ukhale wa poliyesitala osati wa thonje, ndipo posoka gwirani nsalu kutsogolo ndi kumbuyo moikunga pang'ono chabe. Ife timaonjezanso mzere wachiwiri pambali pa woyambawo. Ulusi wake ndi wochepa kuyerekeza ndi manyazi a mphatso yophwasuka.

Mukafuna kusokeranso adzukulu, ana aang'ono musawaveke yozungulira chonchi. Ikakodwa panthambi kapena pampanda siimasuka.

Funso: Makina anga akudumpha masitichi pa fleece, ndipo msoko ukutuluka wa mafundemafunde. Pa nsalu zina akusoka bwinobwino. Awonongeka? (Wophunzira utelala, Matawale)

Yankho: Sanawonongeke, achimwene. Kudumphako kawirikawiri ndi singano. Fleece ndi nsalu yoluka ngati juzi, ndipo imafuna singano ya nsonga yobulungira yotchedwa ballpoint, nambala 14. Mukaisowa, ikani yatsopano ya wamba, chifukwa poliyesitala amabunthitsa singano msanga. Tsegulaninso pansi pomwe pamakhala bobini: mupeza ubweya utadzazana ngati thonje. Pukutani ndi kaburashi mukatha sikafu iliyonse.

Mafundewo akubwera chifukwa phazi la makina likupsinja kwambiri, nsalu ya pamwamba n'kumatanuka pamene ya pansi ikuyenda. Masulani pang'ono sikuluwu ya pamutu pa makina imene imakanikiza phazilo, musiye kukoka nsalu mwamphamvu, ndipo yesani kaye pa kansanza musanakhudze sikafu yeniyeniyo.

Funso: Ndinasita sikafu yanga kuti ioneke bwino pokaipereka, pamalopo pauma gwa ndipo pakunyezimira. Pangabwerere? (Mtsikana wa ku Domasi)

Yankho: Pepani achemwali, sipabwerera. Fleece ndi pulasitiki, ndipo simbi, makamaka ya makala, imasungunula ubweya wake. Ngati popsapo ndi papang'ono ndiponso pafupi ndi polumikizira, phwasulani msoko wozungulira uja, dulani chigawo chimenecho n'kulumikizanso. Kufupika ndi mainchesi 3 kapena 4 sikuoneka. Pokaipereka muwauze eni ake kuti aziichapa m'madzi ozizira osaipukusa pamwala, aziyanika pamthunzi, ndipo powotha moto pambaula azikhala chapatali, popeza kanthethe kamodzi kamaboola dzenje.