Musapereke ndalama nyumba ikadali m'dzina la malemu

Mayi, kalata yanu ndaiwerenga kawiri. Mwati mwapuma pa ntchito ya unamwino, ndalama za penshoni zalowa, ndipo dobadoba wakuonetsani puloti ku Chilomoni pomwe pali nyumba zinayi za lendi, zonse muli anthu. Wogulitsa ndi mwana woyamba wa malemu mwini malowo. Ali ndi kalata ya mfumu ya m'deralo komanso mapepala akale a dzina la bambo ake, ndipo akufuna theka la ndalama sabata ino poti akuti pali wina amene akubwera ndi ndalama m'manja. Mukufunsa ngati mungalipire.

Musalipire kaye, ngakhale tambala imodzi. Maganizo ogula nyumba za lendi ndi abwino, koma pakadali pano mnyamatayo sanakuonetseni chilichonse chotsimikizira kuti ali ndi mphamvu zogulitsa.

Kukhala mwana woyamba sikupatsa munthu mphamvu pa chuma cha masiye. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati munthu akamwalira osasiya wilo, chuma chake ndi cha mkazi kapena mwamuna wake, ana ake onse, ndi ena amene ankadalira malemuyo. Ana onse ndithu, aang'ono omwe, ngakhalenso amene anabadwa kwa mayi wina. Amene angagulitse ndi yekhayo amene khothi linamupatsa chikalata chotchedwa letters of administration, kapena probate ngati malemuyo anasiya wilo. Nthawi zina chumacho chimakhala m'manja mwa ofesi ya boma yoyang'anira chuma cha masiye ya Administrator General. Pemphani chikalatacho, muone chidindo cha khothi, ndipo loya wanu akatsimikize ku kaundula wa khothi lomwe linachipereka. Ngakhale chitapezeka, ine ndimaumirira kuti mayi wamasiye ndi ana onse akuluakulu asaine kuti akuvomereza kugulitsako, chifukwa woyang'anira chuma cha masiye amagulitsa m'malo mwa onsewo, osati kuti ndalama zilowe m'thumba mwake.

Ndikulimbikira apa chifukwa ndinagwirapo nkhani ya bambo wina amene anagula nyumba mwa njira yomweyi, naikonza, nayamba kutolera lendi. Patapita zaka ziwiri anatulukira ana a mkazi woyamba wa malemu, amene sankadziwa n'komwe kuti nyumba inagulitsidwa. Wogulitsa uja ndalama anali atadya kalekale. Munthu angathe kumusumira wogulitsa wotere n'kupambana, koma chigamulo cha khothi sichibweza ndalama kuchokera kwa munthu amene alibe kanthu. Zimandipweteka kuona thukuta la zaka 30 likuthera pamenepo.

Kalata ya mfumu ingakuthandizeni kudziwa mbiri ya malowo, koma si umwini. Lamulo la mafumu silipatsa mafumu ulamuliro m'kati mwa mzinda popanda chilolezo cha khonsolo. Mu Blantyre malo ambiri okhalamo anthu ali pansi pa Unduna wa za Malo, Malawi Housing Corporation (MHC), kapena khonsolo ya mzinda, ndipo aliyense ali ndi kaundula wake. Ku Chilomoni kuli mapuloti amene ali m'mabuku, kulinso mbali zomwe anthu anangokhazikika. Funso loyamba kwa wogulitsa likhale ili: nambala ya puloti ndi chiyani, ndipo fayilo yake ili ku ofesi iti? Akayamba kuzungulirazungulira, mwadziwa kale pomwe mwaima.

Ngati malowo ali ndi title deed, loya amakachita search ku kaundula wa malo. Pepala la search limaonetsa dzina la mwini wake, ngati nyumbayo ili pa chikole cha ngongole ku banki, komanso ngati wina anaikapo caution, chomwe ndi chenjezo loti malowo asasinthe dzina chifukwa iye alinso ndi gawo. Ngati ndi lease ya boma (pangano lobwereka malo ku boma), yomwe kawirikawiri imakhala ya zaka 99, onani zaka zomwe zatsala, ngati ground rent (lendi ya nthakayo) inalipiridwa, ndipo dziwani kuti kusintha dzina kumafuna chilolezo cha mwini nthakayo. Ngati ndi puloti ya khonsolo kapena ya MHC, mupite nonse ndi wogulitsa ku ofesi yawo, muone fayilo ndi maso anu. Mutengenso saveya akapeze mabikoni osonyeza malire a pulotiyo, chifukwa nyumba za m'mbuyo zambiri zimalowerera m'puloti ya oyandikana nawo kapena m'malo a msewu.

Tsopano za anthu okhala m'nyumbazo. Mukagula, mumalowa m'malo mwa landilodi wakale pamodzi ndi mapangano ake. Pitani nokha, popanda dobadoba, mukacheze ndi banja lililonse. Amalipira zingati, kwa ndani, analipiriratu miyezi ingati, anasiya dipoziti? Wogulitsa wochenjera amatolera lendi ya miyezi isanu ndi umodzi asanagulitse, wogula n'kukhala theka la chaka osaona kanthu. Ndalama zoterozo zichotsedwe pa mtengo. Ndipo mukapeza kuti m'nyumba imodzi mukukhala mlongo wake wa wogulitsa kapena mayi ake omupeza, osalipira lendi, ameneyo si wa lendi ayi. Angakhale mmodzi wa eni chumacho, ndipo kumutulutsa ndi mlandu wautali.

Ngakhale wa lendi weniweni simungangomutulutsa poti nyumba yasintha mwini. Amayenera kupatsidwa notisi molingana ndi pangano lake, ndipo akakana kutuluka njira ndi ya kukhothi. Kukhoma loko pakhomo, kuzula chitseko, kusasula malata kapena kumutsekera madzi kungakuikeni inuyo pa mlandu.

Ngongole zina zimatsalira pa nyumba. Ma city rates a khonsolo ndi otero, choncho pemphani kalata ya khonsolo yosonyeza kuti palibe chotsala. Tengani manambala a mamita mukafunse ku ESCOM ndi ku Blantyre Water Board. Funsaninso ngati mapulani a nyumbazo anavomerezedwa. Tonse tikukumbukira zomwe namondwe wa Freddy anachita mu March 2023 ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche. Chilomoni ili m'munsi mwa Michiru, ndiye yang'anani bwino komwe madzi amadutsa mvula ikagwa, ndipo mufunse anthu amene akhalitsa m'deralo.

Zonsezi zikakhala bwino, ndalama ziyende motere. Palembedwe pangano logulitsana lotchula nambala ya puloti, mtengo, tsiku lomwe lendi iyambe kubwera kwa inu, ndi mawu oti dipoziti idzabwezedwa ngati kusintha dzina kwalephereka. Dipozitiyo isapite kwa dobadoba kapena kwa wogulitsa. Ikhale mu akaunti ya makasitomala ya loya mpaka chilolezo chosinthira dzina ndi tax clearance ya ku MRA (kalata yosonyeza kuti za misonkho zili bwino) zitatuluka. Pa malo a title deed loya angathenso kuika caution m'dzina lanu kuti wogulitsa asagulitsenso kwa wina mukudikira. Ndalama zotsala zimaperekedwa mapepala osinthira dzina akasainidwa, kudzera ku banki, kenako mumalipira msonkho wa stamp duty ndi kukalembetsa. Muikirenso padera ndalama za loya ndi saveya, ndipo mukumbukire kuti ndalama za lendi nazo zimadulidwa msonkho.

Loyayo akhale wanu, osati amene wabwera ndi wogulitsa, ndipo mungafunse ku Malawi Law Society ngati chiphaso chake cha chaka chino chilipo.

Za munthu wina amene akubwera ndi ndalama m'manjayo zisakusowetseni tulo, Mayi. Muuzeni dobadoba kuti mwakonzeka kugula, ndipo Lolemba mukumane ku ofesi komwe kuli fayilo ya pulotiyo. Mnyamatayo abwere ndi chiphaso chake cha unzika, chikalata cha kukhothi chija, komanso mayi ake ndi abale ake onse obadwa nawo.