Mafunso a Owerenga: Kodi Wochita Malonda Mwachilungamo Amapindulanji?

Makalata awiri a mwezi uno, imodzi yochokera ku Ntcheu ndi ina yochokera ku Dedza, akufunsa za mtsogoleri amene akufuna kuyendetsa bizinesi mwachilungamo pamene anthu omuzungulira akumukankhira kwina.

FUNSO

Alangizi, ndine wamalonda wa ku Lizulu m'boma la Ntcheu. Ndimagula soya, nyemba ndi mtedza kwa alimi a kuno ndi a ku Tsangano, ndipo mvula ikayandikira ndimagulitsa mbewu ndi feteleza. Bizinesiyi tili awiri ndi alamu anga, ndipo tili ndi anyamata amene amatigulira zokolola m'misika. Anzathu ena amakhotetsa masikelo ndipo akuoneka kuti akulemera msanga. Chaka chino tinalephera kupeza mwayi woperekera nyemba kusukulu ina yogonera komweko chifukwa ndinakana kupereka kenakake kwa amene amagula katundu pasukulupo. Alamu anga akuti umunthu ndi nkhani ya kutchalitchi, ndipo ine ndi amene ndikubweza bizinesi m'mbuyo. Kodi pali phindu lenileni limene mtsogoleri wachilungamo amapeza, kapena ndikungodzinamiza?

Wamalonda wa ku Lizulu

YANKHO

Bambo, ndiyamba ndi mbali imene alamu anu akunena zoona. Kuchita chilungamo kumatayitsa ndalama nthawi zina. Wobera pa sikelo angapeze zambiri kuposa inu pa nyengo imodzi yokolola, ndipo wopereka chiphuphu angalande msika umene unayenera kukhala wanu, monga zinachitikira ndi nyemba zija. Amene angakuuzeni kuti wachilungamo amapambana tsiku lililonse sanakhalepo pamsika nthawi yogula soya.

Koma masamu a alamu anu aiwala munthu mmodzi, ndiye mnyamata wogwira sikeloyo. Tiyerekeze kuti mwamulamula kuti pa thumba lililonse la makilogalamu 50 azibera mlimi makilogalamu awiri. Pa matumba 1,000 mwapeza makilogalamu 2,000, omwe ndi matumba 40 aulere, ndipo ndi ndalama zooneka ndithu. Komabe kuyambira tsiku limenelo mnyamatayo wadziwa kuti sikelo imakhoteka, ndiponso kuti abwana ake saona cholakwika ikakhota. Palibe chomuletsa kubera mlimi makilogalamu atatu n'kukuuzani kuti ndi awiri, kilogalamu yotsalayo n'kumakagulitsa madzulo kwa wamalonda mnzanu. Inu simungamugwire, chifukwa zolembedwa m'buku la kumsika ndi zimene zafika kosungira katundu zinasiya kale kufanana mwa lamulo lanu lomwe, ndipo ngakhale mutamugwira simungapite naye kupolisi, popeza iye akayamba kufotokoza, woyamba kufunsidwa mafunso mudzakhala inuyo.

Phindu loyamba la mtsogoleri wachilungamo lili pomwepa, ngakhale sililembedwa pa lisiti iliyonse: amatha kukhulupirira mabuku ake. Zogulidwa zikakhala makilogalamu 5,000, zofika ziyenera kukhala 5,000, kupatula pang'ono potayika pouma ndi popeta, ndipo kusiyana kulikonse kumaonekera tsiku lomwelo. Munthu wotere angatsegule malo ena ogulira ku Kampepuza kapena ku Chimbiya osaopa kuti akachoka pamalopo katundu atha. Mnzake wokhotetsa sikelo amayenera kukhala paliponse yekha, kapena kuika abale ake okhaokha, ndipo bizinesi yake imakula mpaka pamene maso ake afika basi.

Antchito amatsata zimene abwana amayamikira ndi kulipira, ngakhale pakhoma patalembedwa zina. Mu 2016 zinadziwika kuti ogwira ntchito kubanki ya Wells Fargo, imodzi mwa mabanki akuluakulu a ku America, anatsegula maakaunti pafupifupi 2 miliyoni m'mayina a makasitomala, eni ake osadziwa. Akuluakulu a bankiyo anawaikira chiwerengero cha maakaunti oti azitsegula chimene chinali chovuta kuchifikira mwachilungamo, ndipo olephera ankaopa kuchotsedwa ntchito. Anthu pafupifupi 5,300 anachotsedwa, banki inalipitsidwa chindapusa cha madola 185 miliyoni, ndipo mkulu wake John Stumpf anatula pansi udindo chaka chomwecho. Inunso dzifunseni mmene mumalipirira anyamata anu. Ngati amene amabwera ndi katundu wochuluka kuposa ndalama zimene munamupatsa ndiye mumamutcha wochangamuka, ndiye kuti mwalamula kale kuti sikelo ikhote, ngakhale simunazinene pakamwa.

Tsopano taganizirani za alimi. Bizinesi yanu ili ndi mwayi umene mavenda obwera ndi lole kuchokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre alibe, chifukwa mlimi amene mumamugula soya mu Meyi ndi yemweyo amene amabwera kudzagula mbewu ndi feteleza mu Novembala. Alimi si opusa. Amayeza zokolola zawo ndi ndowa asanachoke kunyumba, amauzana m'makalabu awo, ndipo amadziwa sikelo ya yani imadya. Akaona kuti akuberedwa nawonso amabwezera m'njira yawo: amathira mchenga ndi timiyala m'nyemba, kapena kuwaza madzi pa mtedza kuti ulemere. Mtedza wonyowa umachita chuku, ndipo chuku chimenechi chimabweretsa poizoni wa aflatoxin amene amachititsa kuti ogula akuluakulu, makamaka otumiza kunja, akane katundu yense. Wobera makilogalamu awiri pa thumba angathe kubwezeredwa lole yathunthu. Inu amene sikelo yanu ndi yoona muli ndi mphamvu yobweza thumba lonyowa pamaso pa anthu, ndipo palibe angakunyozeni, chifukwa onse akudziwa kuti thumba louma mumalilipira lonse.

Chilungamo chimene anthu sakuchiona sichingakubweretsereni makasitomala, choncho chionetseni. Bungwe la Malawi Bureau of Standards ndi limene limayesa masikelo a malonda ndi kuikapo chizindikiro chake, ndipo lili ndi mphamvu zolanda masikelo achinyengo. Yesetsani masikelo anu onse nyengo yogula isanayambe, ayang'anitseni kumene mlimi angawerenge yekha, lembani mtengo wa tsikulo pa bolodi, ndipo aliyense azilandira lisiti yosonyeza makilogalamu ndi ndalama. Unduna wa Zaulimi umalengeza chaka ndi chaka mitengo yotsikitsitsa yogulira zokolola, ndipo kuilemba pambali pa mtengo wanu kudzakuthandizani kuthetsa mikangano yambiri isanayambe.

Palinso nkhani ya ngongole, imene amalonda ambiri amaikumbukira mochedwa. Ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya katundu wochokera kunja, kuphatikizapo feteleza, inakwera, ndipo mpamba umene unkakwanira kale unachepa. Pa nthawi zotere kampani yogulitsa feteleza imakongoza katundu kwa amene mbiri yake yobweza imadziwika, ndipo banki imafuna kuona mabuku, malisiti ndi umboni wa msonkho wa ku MRA isanatulutse ndalama. Wamalonda amene amasunga mabuku awiri, lina loona ndi lina lonamiza a msonkho, amadzitsekera yekha khomo, chifukwa buku limene angaonetse kubanki limasonyeza bizinesi yaing'ono yosayenera ngongole yaikulu, pamene buku loona sangalitulutse.

Za sukulu ija sindichulukitsa mawu. Lamulo lothana ndi katangale la 1995, limene linakhazikitsa bungwe la ACB, limati wopereka chiphuphu ndi wolandira onse ali ndi mlandu, ndipo chilango chake ndi ndende. Msika wogulidwa ndi chiphuphu ndi wa munthu amene mwamupatsayo, ndiye akasamutsidwa, kapena wina akamupatsa zochuluka, msikawo watha, ndipo chaka chilichonse mtengo wa kenakake kaja umakwera. Pa nkhani ya Cashgate ya 2013, kafukufuku wa kampani yowerengera ndalama ya Baker Tilly anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinatuluka m'boma pa miyezi isanu ndi umodzi yokha, zina mwa izo kudzera m'makampani amene ankalipidwa popanda katundu kapena ntchito imene anapereka. Ena mwa eni makampaniwo anagamulidwa kukakhala kundende limodzi ndi ogwira ntchito m'boma, ndipo dziko lonse linavutika pamene mayiko othandiza anaimika thandizo lawo la ku bajeti.

Vuto lanu lalikulu, kuona kwanga, ndi lakuti bizinesi imodzi ili ndi atsogoleri awiri olankhula zosiyana, ndipo anyamata anu akudziwa kale kuti akafuna chilolezo chokhotetsa zinthu apite kwa yani. Khalani pansi ndi alamu anu, osati kukawalalikira, koma ndi mabuku a zaka zapitazi m'manja. Werengani alimi amene amabwerera kwa inu chaka ndi chaka, katundu amene anakanidwapo ndi ogula, ndi ndalama zimene zinasowa m'manja mwa anyamata. Mukagwirizana, lembani malamulo ochepa okhudza sikelo, malisiti ndi mphatso, musayine nonse awiri, ndipo muwawerengere antchito muli limodzi. Mukalephera kugwirizana, ndi bwino kugawana mpamba mwamtendere ubale usanaonongeke, chifukwa pa bizinesi ya anthu awiri mlandu wa mmodzi umagwera onse.

FUNSO

Alangizi, ndine wapampando wa kopaletivi ya alimi a mbatatesi kudera la Bembeke ku Dedza. Wosunga katundu wathu ndi mwana wa achimwene anga, ndipo ndapeza kuti anagulitsa matumba ena a feteleza wa gulu n'kudya ndalama. Pakadali pano ndikudziwa ndine ndekha. Abale akuti chibale ndi fupa, ndibweze ndalamazo mwakachetechete nkhani ithe. Ndikaulula, mnyamatayo achotsedwa ntchito ndipo kumudzi andida. Ndichite chiyani?

Mayi wa ku Bembeke

YANKHO

Mayi, kubweza ndalama mwakachetechete kukuoneka ngati chifundo, koma taonani kumene kukuikani. Lero mlandu ndi wa mnyamatayo yekha. Mukabisa, mlandu ukhala wa awiri, ndipo wachiwiriyo ndi munthu amene mamembala anamusankha kuti aziyang'anira chuma chawo. Nkhani zotere sizibisika nthawi yaitali, chifukwa amene anagula fetelezayo alipo, amene ananyamula matumbawo pa njinga alipo, ndipo lamulo la makopaletivi la 1998 limafuna kuti mabuku a gulu aziwerengedwa ndi akatswiri n'kuperekedwa kwa mamembala pamsonkhano waukulu wa pachaka. Zikadzadziwika mudzafunsidwa kuti ndi zingati zina zimene munabisa, ndipo yankho lanu, ngakhale loona, palibe adzalikhulupirira.

Itanani komiti msanga, fotokozani zimene mwapeza pamodzi ndi umboni wake, nenani poyera kuti wokhudzidwayo ndi mwana wa achimwene anu, ndipo pemphani kuti wachiwiri wanu ndiye atsogolere nkhaniyi inu mutatuluka. Kutuluka kwanu kukutetezani mbali zonse ziwiri: mamembala sanganene kuti munakondera, ndipo abale sanganene kuti munamuweruza ndi inu. Mnyamatayo naye ali ndi ufulu wake. Lamulo la ntchito la 2000 silola kuchotsa munthu chifukwa cha khalidwe lake asanapatsidwe mwayi woyankhapo, choncho komiti imulembere mlandu wake, imumve, ndipo ilembe zonse zokambidwa. Magulu ambiri amene amathamangitsa wantchito mwaukali, ngakhale wolakwadi, amakapezeka akulipira kubwalo la milandu ya ntchito chifukwa chodumpha ndondomeko imeneyi. Ofesi ya zantchito ya pa boma la Dedza ingakuunikireni musanapange chiganizo.

Kuulula sikukuchotserani uzakhali. Ngati mukufuna kumuthandiza kubweza ndalamazo kuchokera m'thumba mwanu, palibe chokuletsani, malinga zichitike poyera, komiti ilembe lisiti, ndipo zisakhale zogulira kuti nkhani isamveke. Mukhozanso kumulangiza kuti avomere yekha asanaitanidwe, chifukwa komiti imamva mosiyana munthu wobwera yekha ndi munthu wogwidwa, ndipo ili ndi ufulu wosankha chilango chocheperapo ngati ndi koyamba. Kwa achimwene anu pitani nokha musanapite kukomiti, kuti asamve nkhaniyi pamsika.

Sindikulonjezani kuti kumudzi akumvetsani msanga, chifukwa ena adzakwiya ndithu. Chimene mudzapeza ndi chakuti tsiku limene membala wina adzachedwa kubweza ngongole ya feteleza, kapena wina wa m'komiti adzagulitsa mbatatesi zake kwa mavenda mophwanya pangano la gulu, mudzatha kumufunsa osaopa kuti akukumbutsani za mwana wa achimwene anu. Kopaletivi imayenda ndi chikhulupiriro cha mamembala chakuti thumba limene apereka lidzawerengedwa monga la wina aliyense, ndipo mabungwe obwereketsa ndalama kapena ogula zokolola mochuluka amayang'ananso mmene gulu linachitira pamene ndalama zinasowa.

Pomaliza, yang'anani mpata umene unalola kuti munthu mmodzi atulutse matumba popanda wina kudziwa. Pakhomo la kosungira katundu pakhale maloko awiri amene makiyi ake ali ndi anthu osiyana, katundu aliyense wotuluka azisayinidwa ndi anthu awiri, ndipo mamembala awiri osakhala a m'komiti aziwerenga matumba pakutha pa mwezi uliwonse n'kuwerengera gulu zimene apeza. Pemphaninso msonkhano waukulu ukhazikitse lamulo lakuti wa m'komiti aliyense, kuyambira wapampando, asamakhalepo pamene akulemba ntchito kapena kukambirana za malipiro a m'bale wake.