Mafunso oyezera ululu wa phewa: chifukwa chake a ku Iran sanangowamasulira basi

Achemwali, mwafunsa kuti n'chifukwa chiyani madokotala a ku Iran anachita kafukufuku wathunthu pa mafunso oyezera ululu wa phewa, pomwe akanangopatsa munthu wodziwa Chingelezi ndi Chiperisiya, chilankhulo chachikulu cha ku Iran, kuti awamasulire. Ine ndikuti anachita bwino. Kumasulirako ndi ntchito yaing'ono, yaikulu ndi kutsimikiza kuti mafunsowo akuyezadi phewa la munthu wa ku Iran.

Tiyeni titenge SPADI, fomu ya mafunso oyezera ululu wa phewa, imene Kathryn Roach ndi anzake anakonza ku America mu 1991. Ili ndi mafunso 13: 5 ndi a ululu, 8 ndi a ntchito zimene phewa likukanika kugwira. Wodwala amadzipatsa yekha nambala kuyambira 0 mpaka 10. Gulu la Dr. Mohammad Ebrahimzadeh la ku yunivesite ya zachipatala ya mumzinda wa Mashhad ku Iran linatulutsa SPADI ya Chiperisiya mu 2015. DASH, ija ya mafunso 30 yokhudza mkono wonse, inali itatuluka kale m'Chiperisiya mu 2008.

Tayang'anani mafunsowo bwinobwino. Lina limafunsa ngati mumavutika kunyamula katundu wolemera mapaundi 10. Ku Iran amayeza ndi makilogalamu, ndiye mayi wa ku Mashhad sangadziwe kulemera kwake mpaka mutamuuza kuti ndi makilogalamu pafupifupi 4.5. Lina limafunsa za kutulutsa chinthu m'thumba lakumbuyo la thalauza. Nanga amene zovala zake zilibe thumba limenelo ayankha chiyani? Mwina angolidumpha, mwina angolemba nambala yongoganizira, ndipo zotsatira zasokonekera pomwepo ngakhale mawu onse amasuliridwa molondola. Onjezerani kuti Chiperisiya chimalembedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere, choncho ngakhale mbali imene 0 wayikidwa pa pepala iyenera kuonedwa kuti sikusocheretsa anthu.

N'chifukwa chake ambiri amatsata njira imene Beaton ndi anzake anafalitsa mu 2000. Anthu awiri amamasulira payekhapayekha, n'kugwirizana pa chimodzi. Ena amene sanaonepo Chingelezi choyambirira amabweza mawuwo m'Chingelezi, kuti aone pamene tanthauzo latsetsereka. Kenako gulu la akatswiri limaunika zonse, ndipo amayesa pa odwala 30 kapena 40, kumawafunsa kuti funso lililonse alimva bwanji.

Pambuyo pake m'pamene pamabwera zimene ine ndimaziona kuti ndiye mtima wa nkhaniyi. Wodwala amayankha lero, n'kuyankhanso patapita masiku ochepa phewa lisanasinthe. Mayankho akasiyana kwambiri, ndiye kuti mafunsowo ali ngati sikelo ya pamsika imene imanena zina m'mawa, zina madzulo. Amaonanso ngati mafunso a ululu akuyendera limodzi, pogwiritsa ntchito chiwerengero chotchedwa Cronbach's alpha, chimene ambiri amafuna chifike 0.70 kapena kupitirira. Amayerekezanso ndi mafunso ena odalirika kale, monga SF-36, fomu yofunsa za umoyo wonse wa munthu, imene Montazeri ndi anzake anatsimikiza m'Chiperisiya mu 2005. Amene SPADI ikuti phewa lake lili poipa ayenera kuonekanso kuti thupi likumuvuta pa SF-36. Zikapanda kugwirizana, penapake pavunda.

Izi si zongosangalatsa ophunzira ayi. Nambala yochokera pa mafunsowa ndi imene dokotala amaonera ngati mafizo akuthandiza, kapena ngati munthu akufunika opaleshoni. Ikanama, wovutika ndi wodwalayo.

Komabe mukamawerenga kafukufuku wotere, musameze zonse. Ku Iran kuli anthu mamiliyoni amene kunyumba amalankhula Chiazeri kapena Chikurdi, ndipo Chiperisiya anachiphunzira kusukulu. Mafunso amene ayenda bwino ku Mashhad sindiye kuti ayendanso bwino ku Tabriz, mzinda wa olankhula Chiazeri, kapena kwa olankhula Chidari ku Afghanistan. Onaninso ngati odwala ankadzilembera okha kapena ankawerengeredwa, chifukwa gogo wosadziwa kuwerenga amatha kuchepetsa ululu wake pochita ulemu kwa womufunsayo.

Kwathu kuno ntchito yotereyi inachitikapo pa EQ-5D ya Chichewa, fomu ya mafunso oyezera umoyo wa munthu, imene Dr. Linda Chokotho ndi anzake anayesa pa odwala ovulala mafupa mu 2017. Ngati mukuganiza zochita chimodzimodzi pa phewa, yambani mwafunsa odwala ntchito zimene zikuwakanika, monga kusinja, kukweza ndowa pamutu kapena kubereka mwana, muone ngati mafunso 13 aja akuzifikira.