Mkanda wa nambala 50 ndi wamtundu wanji? Yankho kwa mayi wa ku Katete

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Katete. Ndaifupikitsa, koma mawu ake ndi awa:

"Aphunzitsi, mwana wanga ali mu giredi 7 ndipo wabwera ndi samu iyi: mtsikana akutunga mikanda motere, wofiira, woyera, wakuda, wachikasu, kenako kuyambiranso chimodzimodzi. Kodi mkanda wa nambala 50 udzakhala wamtundu wanji? Mwanayo anayamba kujambula mikanda yonse m'kope, atafika cha m'ma 30 anasokonezeka n'kuyamba kulira. Mkulu wake anati tigawe 50 ndi 4. Ndinagawa pafoni, inandipatsa 12.5. Tsono yankho ndi 12 kapena ndi 5? Chikhalirecho mitundu ilipo inayi yokha. Ndithandizeni, mayeso ayandikira."

Amayi, poyamba mumutonthoze mwanayo, sanalakwe kanthu. Kujambula ndi njira yoona, ndipo akanapirira akanafika pa yankho. Kungoti wolemba mayeso amadziwa kuti ana ena adzajambula, choncho amaika dala nambala yaikulu, kaya 50 kaya 200, kuti wojambulayo nthawi imuthere. Mkulu wake nayenso ananena zoona kuti mugawe. Amene anakusocheretsani ndi foni.

Tiyeni kaye kumsika. Mayi wogulitsa matimati pa Kapata ali ndi matimati 50 ndipo akuunjika anayi anayi. Apanga milu 12, yomwe itenga matimati 48, awiri n'kutsala m'dengu. Mukamufunsa sangakuuzeni kuti ali ndi milu 12.5. Anena kuti milu ndi 12, awiri atsala, mwina apita pa mbasela.

Mikanda ija ili chimodzimodzi. Wofiira, woyera, wakuda, wachikasu: umenewo ndi mulu umodzi, ndipo mulu uliwonse umathera pa wachikasu. Milu 12 yathunthu itifikitsa pa mkanda wa 48, womwe ndi wachikasu popeza ndiwo ukutseka mulu. Yatsala iwiri. Wa 49 ukuyamba mulu watsopano, ndiye ndi wofiira. Wa 50 ndi woyera. Yankho la homuweki ndi limenelo.

Onani kuti 12 uja sitinamufunse kanthu. Milu ikanakhala 12 kapena 1,200, mtundu wa mkanda womaliza ukanadalirabe zotsala zokha. Apa ndi pamene ana amadabwa, chifukwa kuyambira ali aang'ono anazolowera kuti pogawa yankho ndi nambala yaikulu ija, zotsala ndi nyenyeswa zongolemba pambali. Pa samu za zinthu zobwerezabwereza, nyenyeswazo ndiye nsima yake.

Nanga .5 wa pafoni uja? Sakutanthauza mikanda isanu. Akutanthauza theka la mulu, ndipo theka la mulu wa inayi ndi iwiri. Foni sinaname, yangoyankha m'chinenero china. Mukafuna kuti ikuuzeni zotsala, tengani nambala ya kumanzere kwa kadontho, 12, muichulukitse ndi 4, mupeza 48. Chotsani 48 pa 50, patsala 2. Njirayi imagwira ngakhale foni itatulutsa mchira wautali. Mwachitsanzo 100 kugawa ndi 7 imapereka 14.2857 n'kumapitirira. Musaope mchirawo: 14 kuchulukitsa ndi 7 ndi 98, ndipo kuchoka pa 98 kufika pa 100 ndi 2. Komabe mwanayo azolowere kugawa ndi pensulo, foni ikhale yanu yomuonera ngati wakhoza.

Tsopano pali maenje atatu omwe ana amagweramo, ndipo loyambalo ndi lakuya kuposa enawo.

Dzenje loyamba ndi pamene sipatsala kanthu. Funso likanati mkanda wa 48, mwana agawa bwinobwino, apeza 12, zotsala 0, kenako ayang'ana pa mndandanda kufuna mtundu wa nambala 0. Palibe. Ambiri amangolemba woyamba, wofiira, poganiza kuti 0 ndi poyambira. Ayi. Kusatsala kanthu kukutanthauza kuti mulu womaliza wadzaza ndendende, ndipo mkanda womwe waudzazitsa ndi wakumapeto, wachikasu. Ndivomere kuti nditangoyamba kuphunzitsa ndinkawauza ana kuti aloweze pamtima: "Zotsala 1 ndi woyamba, 2 wachiwiri, 3 wachitatu, 0 womaliza." Ankaimba mokoma ngati nyimbo ya kutchalitchi, koma tsiku la mayeso 0 uja n'kuwagwetsabe. Ndinasiya. Masiku ano ndimabwera ndi chimanga, nyemba, nshawa ndi timiyala, ana n'kumandandalika pa desiki mpaka 12, kenako ndimafunsa kuti cha nambala 4 n'chiyani, cha 8, cha 12. Akaona ndi maso awo kuti konseko ndi kamwala, sindifunikanso kuwauza lamulo. Inunso chitani zomwezo pamphasa madzulo, ngakhale ndi zivindikiro za mabotolo.

Lachiwiri ndi kuwerenga mitundu m'malo mowerenga mikanda. Tinene kuti mtsikana uja wasintha katungidwe: yofiira iwiri, woyera umodzi, yakuda iwiri, kenako kubwereza. Mitundu ilipo itatu, koma mulu uli ndi mikanda isanu. Wogawa ndi 3 watayika asanayambe n'komwe. Wa nambala 83 tiupeza pogawa ndi 5: milu 16 itenga 80, itsala itatu, ndipo wachitatu pamulu ndi woyera. Choncho asanagwire samu, mwana azunguze ndi pensulo mulu umodzi wathunthu n'kuwerenga zomwe zili mkatimo.

Mayeso amakondanso kufunsa kuti pa mikanda 50 yoyamba ija, yofiira ilipo ingati. Apa ndiye 12 uja amapeza ntchito. Mulu uliwonse uli ndi wofiira umodzi, ndiye 12, kuphatikiza wina uja wa pa zotsala, 13. Yoyera 13, yakuda 12, yachikasu 12. Akaphatikiza zonse apeze 50, apo ayi penapake palakwika.

Dzenje lachitatu lili pa masiku a pasabata, ndipo pano ndichedwapo chifukwa ife olankhula Chichewa tili ndi mwayi womwe sitiuona. Mayina a masiku athu ali kale ndi manambala: Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi, Lachisanu. Lolemba ndi loyamba, Loweruka (kuno ambiri timangoti Chiweru) ndi la 6, ndipo Lamulungu ndi la 7, lotseka mulu, lomwe limagwa pa zotsala 0. Mwana wophunzira m'Chingerezi amayenera kuwerenga zala kuti adziwe malo a tsiku lililonse, pomwe wanuyo dzina limamuuza lokha.

Funso likati lero ndi Lachitatu, kodi pakapita masiku 100 lidzakhala liti, iye angoti Lachitatu ndi 3, aphatikize 100, apeze 103. Agawe ndi 7: masabata 14 atenga 98, atsala 5. Lachisanu. Samu yatha, zotsalazo zatchula zokha dzina la tsiku.

Koma awerenge funso mosamala, chifukwa wolemba mayeso akhoza kulitembenuza: ntchito yomanga nyumba inayamba Lachitatu, kodi tsiku la nambala 100 la ntchitoyo linali liti? Apa Lachitatu ndilo tsiku loyamba, lawerengedwa kale. Kuchoka tsiku loyamba kufika la 100 papita masiku 99 okha. Ndiye 3 kuphatikiza 99 ndi 102, kuchotsa 98, patsala 4: Lachinayi. Mafunso awiriwa amaoneka ngati mapasa koma mayankho amasiyana ndi tsiku limodzi. Mwana akakayika, ayese ndi nambala yaing'ono yoti angawerenge pa zala. Tsiku lachiwiri la ntchito yoyamba Lachitatu ndi Lachinayi, pomwe pakapita masiku awiri kuchoka Lachitatu ndi Lachisanu. Akaona kusiyanako pa 2, pa 100 sipavutanso.

Samu yomweyi ndi imene imayendetsa kalendala ili pakhoma panuyo. Chaka chili ndi masiku 365. Mukagawa ndi 7 mupeza masabata 52, tsiku limodzi n'kutsala. N'chifukwa chake tsiku lanu lobadwa likagwa Lolemba chaka chino, chaka chamawa limagwa Lachiwiri. Chaka chokhala ndi 29 Febuluwale chili ndi masiku 366, zotsala ndi 2, ndiye kalendala imalumpha masiku awiri.

Tiyese ndi tsiku lomwe mwana aliyense wa m'Zambia amalidziwa. Dziko lathu linalandira ufulu pa 24 Okutobala 1964, ndipo linali Loweruka. Mu 1965 tsikuli linagwa Lamulungu, mu 1966 Lolemba, mu 1967 Lachiwiri, koma mu 1968 linalumpha Lachitatu n'kugwa Lachinayi chifukwa cha 29 Febuluwale wa chakacho. Nanga mu 2024, pamene tinkakwanitsa zaka 60? Zaka 60 zikankha kalendala ndi masiku 60. Zaka za 29 Febuluwale kuyambira 1968 kufika 2024 zilipo 15, ndiye tiwonjeze 15, zikhale 75. Loweruka ndi 6, kuphatikiza 75 ndi 81. Kugawa ndi 7, masabata 11 atenga 77, atsala 4. Lachinayi. Ngati kalendala ya 2024 mukadali nayo, kapena pafoni pomwepo, onani. Ana amasangalala kwambiri akaona kuti pensulo yawo yagwirizana ndi kalendala yosindikizidwa, ndipo ena amakayesa ndi tsiku lobadwa la agogo awo.

Mwambo wa Kulamba ku Mkaika kwanuko umachitika Loweruka lomaliza la Ogasiti, ndipo wa Nc'wala ku Mtenguleni Loweruka lomaliza la Febuluwale. Tsiku la pasabata analikhomerera, choncho chomwe chimasuntha ndi deti. Ndi tsiku lotsala lomwe lija, langoonekera mbali ina.

Kunena zoona amayi, samu iyi mumaichita kale. Ngati muli m'chilimba cha anthu 6, simudikira kuti wina akuwerengereni mwezi ndi mwezi kuti mudziwe nthawi yanu yolandira. Mlimi wosinthasintha mbewu, chaka chino chimanga, chamawa nshawa, chinacho thonje, amadziwa chomwe chidzakhale m'mundamo zaka zikubwerazo. Madala a pansolo amayang'ana miyala ili m'dzenje n'kudziwa pomwe womaliza ukagwere asanaitole. Onsewa amataya zozungulira zathunthu n'kusunga zotsala, kungoti salemba pa bolodi.

Ngati mwanayo ali ndi njala ya zambiri, kapena mkulu wake wa kusekondale uja, apatseni iyi. Chulukitsani 2 ndi 2 mobwerezabwereza: 2, 4, 8, 16, 32, 64, 128, 256. Yang'anani nambala yakumapeto yokha: 2, 4, 8, 6, kenako 2, 4, 8, 6. Ndi mikanda inayi yomwe ija, yangovala malaya ena. Nambala ya 30 pamndandandawu ithera ndi chiyani? Kugawa 30 ndi 4 kusiya 2, ndiye ithera ndi 4. Ndipo zoonadi, nambalayo ndi 1,073,741,824.

Ya wamng'onoyo nayi, aichite yekha inu musamuthandize. Amayi 6 ayamba chilimba mu Januwale, amalandira mmodzi pamwezi motsatana, ndipo wa nambala 6 akalandira amayambiranso kwa woyamba. Mwezi wa nambala 30 adzalandira ndani, ndipo udzakhala mwezi wanji pa kalendala? Agawa kawiri, koyamba ndi 6, kachiwiri ndi 12. Pa kugawa kumodzi mwa kuwiriko ndamukumbira dala dzenje loyamba lija. Mundilembere zomwe wapeza.