Chomwe chimaliza anthu mu nyimbo ya Dolly Parton ija

Achimwene, mwafunsa kuti nyimbo ya "Coat of Many Colors" ya Dolly Parton, woimba wa ku America uja, ili ndi chiyani kuti anthu akuluakulu azigwetsa nayo misozi, chonsecho kaimbidwe kake n'kosavuta. Ine ndimati mphamvu yake ili pa nkhaniyo.

Inatuluka mu 1971, ndipo si yopeka ayi. Dolly anakulira m'mapiri a ku Tennessee, m'banja la ana 12, pa umphawi wadzaoneni. Mayi ake anatolera tinsanza n'kumusokera chikhoti cha zigamba zamitundumitundu, uku akumusimbira za Yosefe wa m'Baibulo uja. Mwana anapita kusukulu akunyada. Anzake anangofa nacho chiseko.

Apa ndiye pamene pamabaya. Womvera ukudziwa kuti ndi nsanza ndithu, koma mwanayo akuona manja a mayi ake pa msoko uliwonse, mpaka akudabwa kuti anzakewo akuseka chiyani. Ndipo Dolly saimba modandaula, amangosimba mofatsa ngati mukucheza naye pakhonde. Akanaimba molira, bwenzi ikutopetsa. Amene munapitako kusukulu ndi kabudula wa zigamba kumbuyo, simufunikanso kumva Chingerezi chonse kuti ikukhudzeni.